Basi Imene Inasanduka Nyumba ya Amalume ndi Agalu Awo

Abale anga, inu amene mumawerenga nyuzi ino, ndi inunso amene mumaimva pamene mwana wa sukulu alikukuwerengerani pakhonde madzulo, lero ndiri ndi nkhani ya basi ndi agalu. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Sekani ndithu, pakuti nafenso kwathu ku Ntcheu tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma mukatha kuseka mutchere khutu, chifukwa m'nkhaniyi muli imfa imene ndinaichititsa ine mwini.

Ine ndine mlimi monga inu nomwe, koma m'chilimwe, ntchito ya kumunda ikachepa, ndimakhoma zitseko ndi mipando. Amalume anga anakhala ku Joni zaka zambiri akuyendetsa magalimoto. M'chaka cha 2016 anabwerera kumudzi ndi basi yakale ya mtundu wa Toyota Coaster, ija ya mipando pafupifupi 30, poganiza kuti izinyamula anthu pakati pa Ntcheu ndi Balaka. Malondawo sanayende bwino, ndipo basiyo inangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku nkumaikiramo mazira. Chaka chotsatira akazi awo anamwalira, nawasiyira agalu awiri amene malemuwo anawalera kuyambira ali ana. Wamkulu dzina lake anali Miseche, wamng'ono Chilipo.

Ana a amalume ali kutali. Wamkazi anakwatiwa ku Nsanje, wamwamuna amaphunzitsa ku Karonga. Mkuluyo anafuna kukaona adzukulu, koma agalu awatani? Ulendo wina anawasiya kwa mnansi milungu iwiri. Pobwera anapeza nthiti zawo zikuwerengeka, ndipo Chilipo anali ndi bala la mwala pamwendo chifukwa choba mazira ndi njala. Ulendo wina anayesa kukwera nawo minibasi, koma kondakitala anangoti, "Madala, galu sakwera."

Tsiku lina m'mawa, m'chaka cha 2018, anandiitana nati, "Mphwanga, tenga sowo ndi hamala yako. Basi ija tiisandutse nyumba, kuti ine ndi agaluwa tiziyenda pamodzi."

Ine ndinati, "Amalume, nanga anthu adzati chiyani?"

Iwo anati, "Anthu ananena kale zambiri. Uyesa galuyu anam'tchuliranji Miseche?"

Anandifotokozera kuti ku Joni anaona mabanja ambiri okhala ndi magalimoto ogonamo, ndi kuti ku America anthu amagula mabasi achikasu amene atha ntchito yonyamula ana a sukulu, nawakonza kukhala nyumba zoyenda. Kumeneko basi yotere amaitcha skoolie. Tsono ife tinalibe ndalama zonga zawo, koma tinali ndi manja.

Poyamba tinamasula mipando yonse kupatula wa dalaivala ndi wina wa pambali pake, ndipo tchalitchi lina linaigula. Titakanganula pansi tinapeza dzimbiri litadya chitsulo malo atatu, mpaka nthaka kuonekera. Tinaitana wowotcherera kudzatseka mabowowo, popeza utsi wa injini ukalowera pansi umapha anthu ali m'tulo. Kenaka tinapaka penti, ndi kuyala matabwa. Basiyo ndi yaitali mamita pafupifupi 7, m'lifupi mamita 2, ndiye kuti n'chimodzimodzi kachipinda ka m'nyumba ya mabwalo. Kumbuyo ndinakhoma bedi lopingasa, pansi pake mabokosi a ufa, nyemba ndi zovala. Mgolo wa madzi wa malita 200 tinauika pansi penipeni, pakati pa mateyala a kutsogolo ndi a kumbuyo, ndi kuumanga ndi malamba achitsulo. Amalume anandiphunzitsa kuti lita limodzi la madzi limalemera kilogalamu imodzi, chotero mgolo wodzaza uli ngati matumba anayi a chimanga. Katundu wotere ukamuika padenga, basi imagubuduka pa kona. Padengapo tinangoikapo sola imodzi yodzazira batire la nyale, losiyana ndi batire la injini. M'mazenera tinakhomamo sefa yotchinga udzudzu. Mbaula tinapangana kuti malo ake ndi panja, chifukwa makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosanunkha umene umagonetsa munthu kosadzukanso.

Khola la agalu ndinalimanga kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, ndi kulimangirira pansi ndi mabawuti. Galu womasuka m'galimoto yothamanga ali ngati thumba la simenti losamanga: dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi, amauluka, nadzipweteka iye ndi anthu omwe.

Chinthu chimodzi tinakangana. Amalume anafuna kuti tiboole denga ndi kuikapo kachitseko kotulutsira mpweya wotentha. Ine ndinakana. Ndinati mvula ikadzabwera pazidzadontha, matabwa anga nkuola, ndiponso mazenera alipo ambiri. Kunena zoona ndinachita ulesi, pakuti kudula chitsulo si ntchito ya kalipentala. Mkuluyo anandimvera.

Tisananyamuke anapita ku ofesi yoona za magalimoto kukanena kuti basiyo siinyamulanso anthu, ndi kukaiyezetsa. Anapitanso kwa mlangizi wa ziweto kukabayitsa agalu onse awiri katemera wa chiwewe, ndipo anawapatsa chiphaso. Chiphasocho anachisunga m'thumba la pulasitiki pamodzi ndi laisensi yawo.

Tinanyamuka m'mwezi wa Okutobala, anthu a m'mudzi ataima m'mbali mwa msewu akuwomba m'manja monyodola. Tinatsata msewu wa M1, kudutsa pa Zalewa, kugona pafupi ndi Blantyre, ndipo m'mawa mwake tinatsika mapiri aja okhotakhota a pa Thabwa kulowa m'chigwa cha Shire. Inu a ku Dedza ndi ku Ntcheu, amene mumafunda bulangete ngakhale m'chilimwe, simulidziwa dzuwa la ku Chikwawa. M'mwezi umenewo kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo phula la pamsewu limafewa.

Tinafika pa Nchalo dzuwa lili paliwombo. Amalume anatsika kukafuna mafuta a injini, nandiuza kuti nditsale ndi agalu. Ine ndinaona nsomba zouma pamsika, mtima nkundikoka. Poopa akuba ndinatseka mazenera onse, ndinakiya chitseko, ndipo ndinati m'mtima, ndingogula nkubwerera. Pamsikapo ndinakumana ndi munthu wa kwathu, tinayamba kufunsana za kumudzi. Sindikhulupirira kuti panapita mphindi zoposa 30.

Nditatsekula chitseko, mpweya unandiwomba kumaso ngati ndavundukula uvuni ya njerwa. Chilipo anali chiimire, lilime lili panja, akupuma mwawefuwefu. Miseche anali gone, dovu lili chuchuchu, maso ali gwa, miyendo ikunjenjemera. Ndinakuwa. Mayi wina wogulitsa tomato anathamanga ndi ndowa nati, "Achimwene, atulutseni msanga, muwagoneke pamthunzi!" Tinawathira madzi pamimba, m'khwapa ndi m'mapazi, ndi kuwakupiza ndi katoni. Chilipo anatsitsimuka, nayamba kumwa pang'onopang'ono. Miseche, amene anali wokalamba, sanadzukenso. Anafera m'manja mwa amalume, amene anafika ali ndi chigubu cha mafuta m'dzanja.

Abale anga, mverani chimene ndinaphunzira mochedwa. Munthu akatenthedwa amatuluka thukuta thupi lonse, mphepo nkumuziziritsa. Galu satero. Thukuta lake limangotuluka pang'ono m'mapazi, ndipo njira yake yeniyeni yoziziritsira thupi ndi kuja kotulutsa lilime ndi kupuma msangamsanga. Tsono mpweya umene akupumawo ukakhala wotentha, alibenso pothawira. Thupi la galu wabwinobwino limatentha madigiri 38 kapena 39, ndipo likapyola 41 moyo wake uli pangozi. Galimoto yotseka imene yaima padzuwa imaonjezera kutentha madigiri pafupifupi 10 m'mphindi 10 zokha. Zimenezi n'zoonanso kwa mwana wakhanda. Musam'siye m'galimoto yotseka, ngakhale mutati mungogula mchere.

Miseche tinam'kwirira pansi pa mtengo wa mlambe kunja kwa tauniyo. Amalume sananditukwane. Akananditukwana bwenzi zitandipepukira. Anangokhala chete mpaka madzulo, ndipo kenaka anati, "Mphwanga, malemu aja anandisiyira awiri. Tsopano watsala mmodzi." M'mawa mwake ine ndemwe ndinakafuna wowotcherera, tinaboola denga, ndi kuikapo kachitseko kaja ndinakakana. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, chotero ukapeza potulukira padenga, wozizirirapo umalowera m'mazenera. Kuyambira tsiku limenelo tinayenda m'mamawa ndi madzulo okha, masana tili pamthunzi, mbale ya madzi ili pamphuno pa Chilipo.

Ku Nsanje tinakumananso ndi mlandu wina. Ana a m'mudzimo anaunjikana kudzaona nyumba ya mateyala, ndipo mnyamata wina anakoka Chilipo mchira pamene anali kudya. Galuyo anatembenuka nam'luma padzanja. Posakhalitsa anthu anasonkhana ndi zibonga, akuti galu wachilendo ndi wachiwewe, aphedwe. Sindiwadzudzula, pakuti amene anaonapo munthu akufa ndi chiwewe saiwala. Nyakwawa inafika nifunsa kuti, "Bambo, galu wanuyu ndi wobaya?" Amalume anagwada, natulutsa chiphaso chija m'thumba la pulasitiki. Mphunzitsi wina anachiwerenga mokweza, ndipo zibonga zinatsika. Komabe sitinadalire pepala lokha. Tinatsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo basi yomweyo inanyamula mwanayo ndi amayi ake kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Nyakwawa inalamula kuti galuyo amangidwe masiku 10 kuti aone ngati adwale. Masiku anatha Chilipo ali bwinobwino, mwanayonso anachira.

Chiwewe si nthenda yoseweretsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia. Pa anthu 100 otenga nthendayi, mpaka 99 amaitenga kwa galu, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana. Zizindikiro zikayamba, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, palibenso mankhwala, sing'anga kapena dokotala. Koma munthu akatsuka bala msanga ndi kukalandira jakisoni kuchipatala zizindikirozo zisanayambe, amapulumuka. Ndipo agalu 7 mwa 10 alionse a m'dera akabayidwa katemera, nthendayi imasowa poyenda. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi a Boma oona za ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Tsiku la 28 Seputembala ndi lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe padziko lonse.

Tsono wina adzati, "Ife tilibe basi, nkhaniyi itikhudza bwanji?" Ndikuyankheni. Pamene tinali kukhoma basi ija ndinayamba kuganiza, koyamba m'moyo wanga, za zimene galu amasowa. Kwathu tinazolowera kuti galu amadzionera yekha. Timam'ponyera mkute ukatsala, ndipo usapotsala agone nayo. Amamwa madzi a pachithaphwi, kapena otsukira mbale. Ena timam'manga pamtengo wopanda masamba tsiku lonse ife tili kudimba. Koma usiku fisi akazungulira khola la mbuzi, kapena wakuba akafika pankhokwe, timayembekeza kuti iye yemweyo atidzutse. Anyani akalowa m'chimanga timam'kuwira iye. Kodi alipo mlonda wina amene amagwira ntchito yotere popanda malipiro?

Zimene tinam'konzera Chilipo m'basi ndi zinayi zokha: madzi, mthunzi, chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndi katemera. Palibe chimodzi mwa izi chimene chifuna injini kapena mateyala. Phale la mphika wosweka likwana kumwera madzi. Pansi pa nkhokwe pali mthunzi waulere. Gaga wophika ndi mitu ya usipa amakhutitsa galu, ndipo galu wokhuta saba mazira. Mukamva kuti mlangizi wa ziweto wabwera kudzabaya agalu, siyani khasu tsiku limenelo, mum'tengere galu wanu, ndipo chiphaso muchisunge pamene mumasunga makadi a kusikelo a ana. Muphunzitsenso ana kuti galu amene alikudya, kapena amene ali ndi ana, saseweretsa.

Chaka chotsatira amalume anakafika ku Karonga ndi Chilipo, nabwerako bwino. Amene ankaseka aja anayamba kubwereka basiyo pakagwa matenda usiku. Ine ndikadutsa pamtengo wa mango uja, maso anga amathamangira pa kachitseko ka padenga, ndipo ndimakumbukira mlambe wa ku Nchalo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Musanagone lero, tulukani panja mukaone ngati m'phale la galu wanu muli madzi.