Thangata wa kudziwe

Ine ndinakula ndikudziwa kuti kudzipereka kumachokera mumtima. Munthu amadzipereka yekha. Wina akakukakamiza ndiye kuti iwe wangoperekedwa basi. Koma kuno ku Indiana, kumene ndakhala zaka zisanu ndi zinayi tsopano, ndinapeza kudzipereka kwa mtundu wina: kolembedwa papepala, kosainira, kokhala ndi mapointi ake, ndiponso chindapusa chake ukalephera.

Nkhani yake ndi yosambira. Mwana wanga wachisamba, mtsikana wa zaka 11, ali m'kalabu ya ana osambira mopikisana. Ine mayi wake ndine wa ku Ntcheu. Madzi amene ndinazolowera ndi a mundowa ndi a kudambo olekeza m'mawondo, ndipo mpaka lero sinditha kusambira ngakhale pang'ono. Mwanayu ndinamulembetsa chifukwa cha mantha, za mendulo sindinkaziganiza n'komwe. Nyanja ya Michigan ili pafupi nafe, ndipo chilimwe chilichonse imatenga anthu. Bungwe la boma loona za matenda kuno, la CDC, linapezanso kuti ana akuda a zaka 10 mpaka 14 amamira m'maiwe osambiramo kuposa kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi anzawo achizungu. Ndinati wanga yekha asakhale m'chiwerengero chimenecho. Kungoti mwanayo madziwo anawakonda kupitirira pomwe ine ndinkafuna, mpaka kochi wake anati alowe timu.

Polembetsa anandipatsa mapepala ambiri, koma limodzi ndilo landipangitsa kulemba lero. Linkati banja lililonse liyenera kugwira ntchito ya mapointi 12 m'nyengo ya mipikisano, kuyambira Seputembala mpaka Malichi. Linkatinso tisiye cheke cha madola 300. Ukakwanitsa mapointi ako amaching'amba, ukapereweza amakachisintha kubanki. Ndipo kalabu yathu ikamachititsa mpikisano padziwe lakwathu, banja lililonse ligwire ntchito, kaya mwana wako akusambira tsiku limenelo kaya ali gone ndi chimfine.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo, pakuti chifukwa chake chilipo ndithu. Mpikisano wa ana umadya anthu akuluakulu ambiri kuposa momwe mungaganizire. Dziwe lathu ndi la mayadi 25 ndipo lili ndi mizere isanu ndi itatu. Mzere uliwonse umafuna anthu awiri ogwira wotchi, amenewo akwana kale 16. Pamwamba pawo pali wamkulu wa mawotchi, amene amayambitsa mawotchi apadera kuti wina yake ikakana amuthamangire nayo. Pali refu, pali woyambitsa mpikisano, pali oweruza oyenda m'mbali ndi oima kumapeto kuona ngati ana akusambira ndi kutembenuka motsata malamulo. Pali wa pakompyuta, wolengeza pa chimkuzamawu, wotolera timapepala ta nthawi, oyang'anira chitetezo, wofoletsa tiana ting'onoting'ono kuti tisaphonye nthawi yake, ogulitsa zakudya, olandira ndalama pakhomo, omata maina pa maliboni a opambana. Kwathu kuno ndikawerenga amafika 40 pa chigawo chimodzi. Mpikisano waukulu umayamba Lachisanu madzulo, Loweruka m'mawa ndi masana, Lamulungu m'mawa ndi masana. Zigawo zisanu, malo 200 ofunika munthu. Lamulo la USA Swimming limati chigawo cha ana a zaka 12 kutsika m'munsi chikonzedwe kuti chisapitirire maola anayi, ndiye ogwira wotchi akasowa n'kuyamba mochedwa, zonse zimasokonekera. Akanati anthu onsewa azilipidwa, ndalama yolembetsera ikanakwera mpaka mwana wa munthu ngati ine sakanaponda m'madzimo. Zimenezi ndimazimvetsa bwino lomwe.

Ntchito ya wotchi nayo si yachibwana ayi. Tsiku loyamba anatiphunzitsa kuti wotchi timayambitsa tikaona kung'anima kwa getsi la pa makina oyambitsira, osadikira kulira kwa lipenga, chifukwa kuwala kumafika msanga kuposa phokoso. Ine ndinakumbukira phunziro la mphezi ndi bingu ku pulayimale, n'kuseka ndekha. Kukhoma kuli chipangizo chimene mwana akachikhudza chimaimitsa nthawi pachokha, koma tiana tambiri timangochisisita osachidina, ndiye ife timakhala ndi batani dzanja ili, wotchi dzanja linali, titawerama m'mphepete mpaka nsapato kunyowa. Nthawi imawerengedwa mpaka kachigawo kamodzi mwa 100 ka sekondi. Mukumbukira ku Rio mu 2016 Simone Manuel, mkazi wakuda woyamba wa ku America kupata golide wa Olimpiki pa mpikisano wosambira payekha, anafika limodzi ndi Penny Oleksiak wa ku Canada pa masekondi 52.70, onse awiri n'kupatsidwa golide. Ana athu si a Olimpiki, komabe kachigawo komweko n'kamene kamasiyanitsa wopita ku mpikisano wa boma lonse ndi wotsala. Chala chako chikagona, walanda mwana wa eni thukuta la chaka chathunthu.

Tsono dandaulo langa lili pa kagawidwe. Malo a ntchito amawatsegula pa intaneti Lamulungu 8 koloko usiku. Nthawi imeneyo ine ndimakhala ndili kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndikutembenuza agogo a eni kuti asachite zilonda, foni ili m'lokala. Pofika m'mawa ntchito zopepuka zonse zapita. Zomata maliboni, zokhala pakhomo ndi kabokosi ka ndalama, zatengedwa mphindi khumi zoyambirira ndi anthu amene anali pasofa foni ili m'manja. Chotsala ndi wotchi ya Lamulungu m'mawa, ine nditangoweruka 7 koloko, kapena kukolopa ndi kutola zinyalala anthu onse atapita. Bambo a kunyumba amayendetsa thiraki, amapezeka mawikendi awiri pamwezi, nthawi zina amodzi. Kuti ndigwire maola anayi akudziwe ndiyenera kusiya shifiti ya maola 12, chifukwa kuntchito sadula shifiti pakati. Ndikawerengera, ndalama imene ndimataya pogwira ntchito yaulereyi imaposa chindapusa chimene ndikuthawacho. Koma ndikangoti atenge chekecho, ndiye 300 yapita nthawi imodzi, mwezi umene lendi ikudikira, fizi ya mlongo wanga kumudzi ikudikiranso.

Ndipo pali mabanja ena amene tsiku lolembetsa lomwelo amangonena kuti, sinthani chekecho, ife nthawi tilibe. Palibe amawayang'ana moipa. Ndiye lamuloli kwenikweni limamanga ndani? Limamanga yekhayo amene 300 ikumulemera, amenenso nthawi zambiri ndi yemwe ntchito yake ilibe Loweruka. Mnzanga wina wa Sabata anamutulutsa mwana wake chaka chatha. Mwanayo ankangosambira Lamulungu, kalabu inalibe nazo vuto, koma mapointi a mayi ake sankakwana chifukwa theka la malo limagwera tsiku limene iye sagwira ntchito.

Usiku wina ndili pa buleki mawu anangondibwerera m'mutu: thangata. Agogo ankatiuza kuti kalekale kuthangata kunali kuthandizana, monga momwe mawuwo akunenera. Lero tilime kwa uje, mawa kwa uje. Atabwera eni maesiteti ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu, anatenga mawu omwewo n'kuwaveka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, mpaka anakhala chimodzi mwa zimene zinakwiyitsa John Chilembwe ndi anthu ake mu 1915, ndipo mchitidwewo sunathe mpaka 1962. Musandimve molakwa, palibe wandikwapula ine, palibe wandigwetsera nyumba, ndipo ndikafuna mawa lomwe ndikhoza kumutulutsa mwana. Kufanana kwake n'kwa mawu okha: dzina lokoma la kuthandizana likamatidwa pa ngongole, munthu umayamba kudana ndi dzinalo. Akanangoti ndi msonkho wa ntchito, mtima wanga ukanakhala m'malo.

Kwathu nakonso ntchito yokakamiza yachitukuko timaidziwa. Ndani sanaonepo makolo akuumba njerwa za buloko ya sukulu, mudzi uliwonse ndi tsiku lake, wojomba n'kulipitsidwa nkhuku kwa amfumu? Sindikuti kunalibe chinyengo. Madzi ankatunga ndi azimayi omwewomwewo, a golosale ankangotumiza waganyu, ndipo achibale a amfumu ena dothi sankalidziwa. Koma panali zinthu ziwiri zimene kuno ndimazisowa. Choyamba, ankaitana khomo, osati munthu. Mayi akadwala ankapita mlamu, kaya mdzukulu, kaya mnansi, bola khomolo laoneka. Chachiwiri, wowerengayo anali munthu wodziwa kuti uyu ndi wamasiye, uyu akudwazika matenda kuchipatala, uyu maliro angochitika dzana. Kuno chowerenga ndi kompyuta. Tsiku lina ndinadzuka 4 koloko m'mawa kukazinga mandasi 80 a chipinda chodyera makochi ndi oweruza. Anatha asanafike masana, refu mpaka kudzandifunsa kuti timeneti n'tichani. Pointi yake inali imodzi, chimodzimodzi ndi bambo amene anangoima pasitolo n'kugula mabotolo a madzi.

Komatu pali china chimene ndikapanda kuchinena ndikhala ndanama. Makolo saloledwa kutsika m'mphepete mwa dziwe pokhapokha akhale pantchito, ndi lamulo loteteza ana, ndipo kuseri kwa malo odumphira ngakhale foni sutulutsa. Ndiye ndi ntchito yokakamizayi imene inanditsitsa pa mabenchi a m'mwamba, pomwe ndinkakhala ndekha ngati mlendo pa ukwati wa eni, n'kundiika pamene ana amaima asanadumphe. Kuchokera m'mwambamo ana onse amaoneka olimba mtima. Ukayandikira umaona mawondo akunjenjemera. Umaona manambala amene alembedwa pamkono ndi cholembera chakuda, mpikisano wachingati, gulu lachingati, mzere wachingati, kuti asaiwale. Kamnyamata kena ka zaka zisanu ndi zitatu kanandigwira chitenje, pakuti ine ndimamanga chitenje pamwamba pa kabudula, azolowera, n'kundionetsa mkono wake osalankhula kanthu, kuti ndikauze ngati kaima malo oyenera. Ndinaonanso mtsikana wina atachotsedwa pa mpikisano wa breaststroke, uja amasambira ngati chule, chifukwa anakhudza khoma ndi dzanja limodzi pomwe lamulo limafuna manja onse awiri nthawi imodzi. Woweruzayo, bambo wa imvi amene ana ake anasiya kusambira kalekale koma iye akubwerabe, anagwada pansi ponyowa n'kumufotokozera mwakachetechete mpaka mwanayo anasiya kusisima. Ameneyo mapointi sawafuna. Iye ndiye wodzipereka amene ndinkamudziwa ine.

Wanga yemwe anandipatsa malamulo ake. Anati, "Amayi, mukagwira wotchi musatenge mzere wanga, ndipo musamakuwe. Anthu a wotchi sakuwa." Ndinamvera. Koma tsiku limene anatsitsa nthawi yake pa mayadi 100 ndinali mizere iwiri kuchokera pa iye, maso pa mwana wa eni amene ndinkamuwerengera, khutu lili kwa wanga. Kudziletsa kumene kuja sindinakuonepo.

Pa msonkhano wa makolo wa mu Januwale ndinaimirira, mtima ukugunda ngati mtondo. Ndinapempha zinthu zitatu: kuti munthu wamkulu aliyense amene banja lamutuma aziloledwa kugwira m'malo mwake, kuti malo a ntchito azitsegulidwa kawiri, theka usiku theka m'mawa, ndi kuti ntchito za mkati mwa sabata, monga kuchapa ndi kukonza zipangizo, ziziwerengedwa mofanana ndi za pa mpikisano. Mayi amene amayendetsa za mapointi anandiyankha mosapsa mtima. Anati lamuloli lisanabwere ntchito yonse inkagwera mabanja khumi okha, chaka ndi chaka, ena onse atakhala m'mwamba ndi khofi wawo, ndipo iye mwini wakhala akuchita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi popanda kulandira kanthu. Ndinamukhulupirira, nkhope yake inali yotopa ngati yanga. Bambo wina anati akayamba kumvera zifukwa za aliyense ndiye palibe adzagwire ntchito. Ine ndinati sindinabwere kudzapempha kuti andikhululukire ntchito, ndabwera kudzapempha khomo lolowera.

Anavomera chimodzi, choyamba chija. Ziwiri zinazo akuti akazikambirana nyengo ikatha.

Ndiye Loweruka lapitali, ine ndili pa shifiti, kudziwe kunapita achemwali ena a ku Zomba amene timakhala nawo moyandikana. Alibe mwana wosambira, ndipo dziwe lampikisano anali asanalionepo chibadwire. Tinapangana kuti ine ndidzawaluka ana awo awiri tsitsi la Isitala. Ndinawaphunzitsa za wotchi pa tebulo lakukhitchini ndi tochi ya foni, ine kuthwanimitsa, iwo kudina, mpaka ana kutiseka. Cha m'ma 8 koloko ndikumwa tiyi pa buleki foni inalira, anali atathawira kuchimbudzi kuti ayimbe.

"Achemwali, paja mwati ndidine likalira kapena likang'anima?"

"Likang'anima, achemwali."

"Chabwino. Koma inu, nsapato zanga zatcheretchi zathera pano."

Mapointi atsala awiri, ndipo mpikisano womaliza wa padziwe lathu uli kumapeto kwa Febuluwale.