Kuyamika Mulungu m'Caka ca Njala

Ana inu, munthu wamkulu akakupatsani kanthu mumalandira ndi manja awiri, ndi kunena kuti, "Zikomo." Mwambo umenewu anakuphunzitsani amai anu musanayambe sukulu. Koma kodi Mulungu, amene amatipatsa zinthu tsiku ndi tsiku, timamuyamika kangati? Ine ndine mphunzitsi, koma phunziro ili ndinalidziwa mocedwa, ndipo wondiphunzitsa anali nkhalamba yosadziwa kulemba.

M'caka ca 2024 mvula inatithawa. Tinabzala bwino ndipo mbeu zinamera, koma pofika mwezi wa February dzuwa linaomba kolimba, cimanga nicifota cisanabereke. Boma linalengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse la Zambia. M'munda mwanga, kufupi ndi mapiri a Mphangwe, ndinakolola madengu owerengeka okha. Mtima wanga unawawa, ndipo ndinaleka kupemphera pa cakudya. Ndinati mumtima, "Ndiyamike ciani?"

Tsiku lina madzulo ndinapita kukazonda ambuya anga. Anandiikira kansima kakang'ono ndi mfutso wa nkhwani. Tisanadye anaweramitsa mutu, nayamba kuchula zinthu cimodzi cimodzi. Anayamika cifukwa ca madzi a pacitsime, nkhuni zophikira, miyendo imene inawafikitsa kumunda, ndi mdzukulu amene anabwera kudzawaona. Ine ndinangokhala duu, maso ali pa nsima.

Atatha ndinafunsa kuti, "Ambuya, muyamikiranji caka ca njala cotere?"

Iwo anayankha kuti, "Mdzukulu wanga, mu 1992 tinadya cimanga cacikasu cocokera kunja, ndipo lero tikali moyo. Iwe uli kuwerenga madengu amene sunakolole. Ine ndiri kuwerenga zimene ziri pamphasa pano."

Ndinacita manyazi kwambiri. Ndinakumbukira akhate khumi aja amene Ambuye Yesu anawaciritsa, koma wobwerera kudzayamika anali mmodzi yekha. Nkhani imeneyi ndinaiphunzitsa kawirikawiri m'kalasi, osadziwa kuti ine ndemwe ndinali pakati pa asanu ndi anai aja. Akulu anati citsime cidziwika kuya cikaphwa. Zaka zonse zimene nkhokwe yanga inadzaza ndinkayesa kuti ndi mphamvu ya khasu langa, ndipo ndinaiwala mwini mvula.

Kuno kwathu timadziwa kulemekeza. Caka ndi caka m'mwezi wa August mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, napereka mitulo kwa Kalonga Gawa Undi. Ngati mfumu ya pansi pano timaipitira ndi mphatso, nanga Iye amene amatidzutsa m'mawa uliwonse?

Kuyamika sikunadzaze nkhokwe yanga. Njala inatipweteka ndithu kufikira dzinja linafika. Koma mtima wodandaula unacoka, ndipo ndinayamba kuona anansi amene anali osowa koposa ine, ndi kuwagawira pang'ono pa zimene ndinali nazo.

Tsopano m'nyumba mwanga, tisanagone, munthu aliyense amachula zinthu zitatu zimene Mulungu wamcitira tsikulo. Mwana wanga wamng'ono anayamika tsiku lina cifukwa nkhuku yake inaswa anapiye, ndipo palibe amene anamseka. Inunso yesani usiku uno. Musadikire kuti citsime ciphwe.