Mphika wa ku Kaolack

Kuchokera ku Dakar, likulu la Senegal, kukafika ku Kaolack ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Tinakwera kagalimoto kakale ka Peugeot konyamula anthu asanu ndi awiri, ndipo njira yonse tinkangoona malambe, ngolo zokokedwa ndi akavalo ndi milu ya mtedza m'minda. Munali mu November, nthawi yokolola. Dera limeneli ndi nkhokwe ya mtedza ya dziko la Senegal, ndipo mbewuyi inayamba kutumizidwa ku France m'zaka za m'ma 1840. Kaolack weniweniyo ndi tauni yotentha, yafumbi, ili m'mbali mwa mtsinje wa Saloum pomwe anthu amakolola mchere. Munthu wa ku Mchinji kapena Kasungu akhoza kumva ngati ali kwawo, kungoti nsima kulibe.

Mbale wina wa mumpingo amene tinayenda naye anatitengera kwa azakhali ake, banja la Chisilamu monga alili mabanja ambiri kumeneko. Linali Lachisanu. Amuna anali kukonzekera kupita ku mzikiti, ifenso mtima unali pa dzuwa, kuti Sabata litipeze takhazikika. Mayi a pakhomopo anati alendo ochokera kutali sangagone asanalawe mafé, ndiwo ya nyama ya ng'ombe yophikidwa m'chiponde. Anthu a ku Mali, komwe inachokera, amaitcha tigadegena.

Tinakhala pamphasa pafupi ndi mbaula n'kumaonerera. Za magazi sitinade nazo nkhawa, pakuti Asilamu amazinga nyama ndi kukhetsa magazi ake. Nkhawa inadza pamene mayiwo anamasula kapepala n'kutulutsa kanthu kouma, kofiirira, kafungo lamphamvu. Tinafunsa mnzathu kuti n'chiyani. Anati ndi yet, nkhono ya m'nyanja yomwe amaisasitsa n'kuiumitsa, ndipo ophika ambiri kumeneko amaponyako kachidutswa mumphika kuti msuzi ukome.

Apa panavuta. Levitiko 11 amatilola zam'madzi zokhala ndi zipsepse ndi mamba zokha, ndipo nkhono ilibe zonse ziwirizo. Komanso anthu a ku Senegal amanyadira kwambiri kulandira alendo, khalidwe lomwe m'Chiwolofu amati teranga. Mlendo wangofika kumene, ayambe kulamula za mumphika wa eni nyumba? Tinayang'anana, manyazi atatigwira. Tikanatha kungokhala chete n'kudzadya mpunga wokha, koma zimenezo zikanawapweteka koposa. Ndiye tinapempha mnzathu awafotokozere mwaulemu. Mayiwo anamvetsera, n'kuseka. "Ifenso nkhumba sitidya," anatero kudzera mwa womasulira. "Alendo anga, mukanakhala chete ndikanakuchimwitsani osadziwa." Anabweza nkhono ija m'kapepala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kaphikidwe kake n'kosavuta, koma sikafuna munthu wothamanga. Anayamba ndi kukazinga nyama m'timafuta pang'ono mpaka itafiirira, kenaka anyezi wambiri, adyo ndi tomato wa m'chitini, n'kumavundula mpaka tomato atada. Anathira madzi, nyama n'kuwira pang'onopang'ono pafupifupi ola lathunthu. Chiponde anachisungunula kaye m'mbale ndi msuzi wotentha kuti chisachite mibulu, ndiyeno n'kuchithira mumphika. Apa anaphula makala ena kuti moto uchepe. Karoti, chinangwa ndi mbatata zinalowa poyamba, kabichi pambuyo, ndipo tsabola mmodzi anamuika wosadula kuti apereke fungo osawawitsa ana. Chiponde chimapserera msanga pansi pa mphika, choncho mthiko sunachoke m'dzanja lawo. Tinafunsa kuti adziwa bwanji kuti zapsa. Analoza pamwamba pa msuzi: mafuta a mtedza akayandama okha, ofiira, ndiye kuti mphika wakonzeka. Asanayandame, msuzi umamveka mtedza wauwisi ndipo umalemera m'mimba.

Ife kwathu tinazolowera nsinjiro ya m'masamba, yothira kumapeto, ya mphindi zochepa. Kutendera nyama ya ng'ombe sitinakuganizirepo. Koma titakhala mozungulira mbale imodzi yaikulu, aliyense akudya mbali yake, mayi aja akunyema nyama ndi zala n'kumakankhira kutsogolo kwa alendo, tinaona kuti nyama yochepa ndithu inakwanira anthu khumi. Chokhutitsa chinali mtedza ndi ndiwo zamasamba zija.

Titabwerera kumudzi tinayesa tokha, ndipo ulendo woyamba tinaupsereza. Tinaika mphika pa makala oyaka kwambiri chifukwa tinayamba mochedwa, dzuwa la Lachisanu litapendeka kale. Tsopano timayamba tikangodya nkhomaliro. Pa theka la kilogalamu ya nyama timaika kapu imodzi ya chiponde chosathira shuga, ndipo mafuta a nyama timawasenga onse isanalowe mumphika. Timatsuwe ta msuzi togula m'sitolo, tomwe ku Senegal amatikonda zedi, ife sitiika. Mchere wake ndi wochuluka, ndipo pakhomo pathu pali a BP. Mafuta oyandama aja timawayengulako ndi supuni. Tikadyako madzulo, wotsalawo timausunga pozizira, ndipo pa Sabata masana umakoma kuposa dzulo lake. Am'banja mwathu amene anasiya nyama timawaphikira mphika wawo wa nyemba zophikaphika kapena tinyama ta soya. Msuzi ndi womwewo, ndipo kunena zoona ndi umene umayamba kutha.

Chinthu chimodzi sitichita mwachidule, ndicho kusankha mtedza. Mtedza wonyowa, wofota kapena woboola tizilombo umamera chuku chomwe chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, ndipo satha ngakhale mphika uwire maola atatu. Vuto n'lakuti ambiri timagulitsa mtedza wabwino n'kusinja wotsalira kuti ukhale nsinjiro ya pakhomo, ena mpaka kuwaza madzi pa makoko kuti asavute kusenda. Ife timagula wa CG7 kapena Chalimbana wouma bwino, n'kuuthira m'lichero. Ana amakhala pansi n'kumatola wakuda ndi wokwinyika mmodzimmodzi, ndipo umenewo sitipatsa ngakhale nkhuku. Wotsalawo timaukazinga, kuupukusa ndi kuusinja mumtondo mpaka utuluke mafuta.

Mpunga wa Kilombero umayenerana nawo bwino msuziwu. Koma agogo atalawa anapukusa mutu, n'kupempha kuti tiwaphikire nsima ya mgaiwa. Anamaliza mitanda itatu.