Ukayenda siya phazi

Kale, munthu akasamukira mudzi wina, mfumu sinkampatsa malo isanafufuze mbiri yake kumene wachokera. Pa ukwatinso, nkhoswe inkaikira umboni mwana wake pamaso pa anthu, ndipo zinthu zikavuta, ndiyo inkayankha mlandu.

Mwambowu sunathe ayi. Namwino wa ku Malawi wofuna kukagwira ntchito ku Britain salembedwa m'kaundula wa Nursing and Midwifery Council popanda umboni wa khalidwe lake wochokera ku bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba kwawo. Dokotala amapempha kalata yotere ku Medical Council of Malawi. Chipatala chomulemba ntchito chimafunsanso amene ankamuyang'anira.

Wosaina kalatayo ndiye nkhoswe ya masiku ano. Akabisa ulesi kapena nkhanza chifukwa cha chibale, wovutika ndi wodwala wakutali amene iye sadzamuona n'komwe. Komanso nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu: bodza likaululika, mawu ake sadzakhulupiridwanso.

Wopempha kalata nayenso azindikire kuti amadzilembera yekha, usiku uliwonse umene amadzukira wodwala popanda womuona. Paja akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.