Kodi Timchotse Ntchito?

Mwezi ukatha, munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kudzera pa Njuli ndi Mbulumbuzi mpaka pa Namadzi amadzionera yekha kumene malipiro a anthu ambiri amathera. Lolemba m'mawa ena safika ku ntchito, ndipo ena amafika maso ali psuu, manja akunjenjemera.

Ifenso zinatigwera. Pa chigayo china cha mishoni kuno ku Chiradzulu tinali ndi bambo wina wodziwa makina, wokhulupirika pa ndalama, wa ana asanu. Kangapo konse tinamva fungo la kachasu polankhula naye, koma tinangoyang'ana kumbali, tikumati timsungire ulemu. Tsiku lina lamba wa chigayo anamgwira dzanja, zala ziwiri n'kuduka. Pamenepo tinazindikira kuti kukhala chete kwathu kuja sichinali chifundo ayi, koma mantha.

Akuluakulu a komiti anati achotsedwe tsiku lomwelo. Madzulo ake mkazi wake anabwera, nagwada pakhomo, nati: "Abambo, mukawachotsa ana adya chiyani? Ndipo akamangokhala pakhomo ndiye adzamwa koposa." Onsewo ankanena zoona. Woledzera pa makina amaika pa ngozi moyo wake ndi wa amayi odzagayitsa. Komanso kumtaya munthu wodwala si kumchiza.

Lamulo la za ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, sililola kuchotsa wantchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mpata wodziyankhira. Choncho tinamuitana, pamodzi ndi mkazi wake ndi ankhoswe, ali wosamwa. Sitinamtchule chidakwa. Tinangomuwerengera masiku amene anajomba ndi amene anafika atalawa. Tinapangana zinthu zinayi: alandire kalata ya chenjezo, asiye makina, aziyeza chimanga, gawo la malipiro, mwa kuvomera kwake, lizilandiridwa ndi mayi a kunyumba, ndipo akaonane ndi achipatala, pakuti munthu wozolowera mowa akauleka mwadzidzidzi angathe kukomoka ndi kuona zilubwelubwe. Thandizo lilipo ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndiponso kwa a St John of God ku Mzuzu.

Tisanyengedwe kuti malamulo okha adzatigwirira ntchitoyi. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma kachasu akutchezedwabe m'midzi. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, osati chosuta, koma anyamata ena amasutabe asanakwere njinga zawo za kabaza. Woyamba kuona ndi kapitawo, ndi mnzake wa pa ntchito, ndi ife olemba ntchito.

Timakumbukira Matt Talbot, wantchito wamba wa ku Dublin, amene anayamba kumwa ali ndi zaka 12, nafika pogulitsa nsapato zake chifukwa cha mowa. Analeka mu 1884, nakhala wosamwa mpaka imfa yake mu 1925. Zaka 41 zimenezo anazipambana tsiku limodzilimodzi.

Bambo wathu uja anagwanso kawiri, ndipo kawiri konse anabwera yekha kudzaulula. Lero akuyezabe chimanga. Koma tikaona dzanja lake lija pa sikelo, timadzifunsa: tikadalankhula tsiku loyamba lija, kodi zala zija sizikadakhalapo?