Ganyu wa munthu wa ku Dzaleka



Mabanja ambiri a kuno ali ndi m'bale ku Joni, ndipo nkhani zomwe amatitumizira pa WhatsApp tonse timazidziwa. Mnyamata amagwira m'shopu kuyambira mbandakucha mpaka usiku, sabata yonse osapuma, koma malipiro ake ndi otsika kuposa a mnzake mbadwa ya komweko. Akati adandaule, bwana amangomukumbutsa kuti masiku a m'pasipoti adatha kalekale. Dzina lake sakulifuna, iye ndi kwerekwere basi. Mu Meyi 2008 anthu 62 adaphedwa pa ziwawa zodana ndi obwera, ndipo mu Epulo 2015 zitabukanso ku Durban boma lathu lidachita kutumiza mabasi okatenga abale athu. Tidapanga dua m'mizikiti mitima ikuwawa, ndipo kudali koyenera kutero.

Joni ili kutali, koma Dzaleka ili pakhomo pathu pano. Ambiri mwa ife timapita kumsika wake wa Lachiwiri.

Msasawu udatsegulidwa mu 1994, pamalo pomwe nthawi ya Kamuzu padali ndende ya andale. Adaukonzera anthu osapitirira 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia. Ena obadwira momwemo pano ali ndi ana awoawo. Dziko lathu polowa m'pangano la 1951 loteteza othawa kwawo lidakana mbali zina, kuphatikizapo ufulu wolembedwa ntchito ndi wokhala komwe munthu wafuna. Ndiye chifukwa chake mphunzitsi wothawa kwawo akamagwira mumsasamo salandira malipiro enieni. Amangopatsidwa kandalama kachilimbikitso, pomwe mnzake Mmalawi wa kalasi yoyandikana, choko chomwecho, ana omwewo, amalandira malipiro a mwezi athunthu. Ife aphunzitsi nkhani imeneyi imatikhudza kwambiri, poti kutopa kwa kalasi yodzaza timakudziwa.

Omwe adatuluka kukatsegula timagolosale m'matauni mudaona zomwe zidawachitikira. Boma lidawapatsa mpaka pa 15 Epulo 2023 kuti abwerere kumsasa. Mu Meyi apolisi ndi asilikali adagwira anthu mazanamazana ku Lilongwe, amayi ndi ana omwe, n'kukawasunga kundende ya Maula asanawatengere ku Dzaleka, mashopu awo atatsekedwa. Ena adaomba m'manja kuti Maburundi apita. Madandaulo a ochita malonda athu sitikuwapeputsa ayi, mpamba ndi wovuta ndipo msika ndi wochepa. Koma ana athu, taganizirani mawu akuti Maburundi. Timatchula choncho wa ku Rwanda, wa ku Congo, ngakhale mwana wobadwira m'Dowa muno yemwe Chichewa chake chimaposa cha ena a ife. Mawuwo akusiyana pati ndi makwerekwere?

Lamulo la othawa kwawo la 1989 angalisinthe ndi a Nyumba ya Malamulo, osati ife. Chomwe chili m'manja mwathu ndi mtengo wa ganyu.

Thandizo la chakudya mumsasa lakhala likuchepetsedwa, choncho anthu amatuluka kukafuna ganyu m'midzi yozungulira: kupalira, kubandira, kusoka fodya, kuumba njerwa. Apa ndi pomwe timaona zodandaulitsa. Ndime ndi yomweyo, khasu lomwelo, dzuwa lomwelo, koma mwini munda akangomva kalankhulidwe ka munthuyo mtengo umatsika. Ena salipira n'komwe tsikulo. Amati ukabwere mawa, mawa lake osafika. Amadziwa bwino kuti munthuyu sangapite kuofesi yoona za ntchito, ngakhale kwa amfumu amaopa, poti akafunsidwa kuti adatuluka bwanji mumsasa. Bwana wa ku Joni uja amawerengeranso chimodzimodzi: wopanda mapepala sakasuma. Kusiyana kwake n'kwakuti wa kuno ndi mnansi wathu, ndipo nthawi zina timaima naye mzere umodzi pa Ijumaa.

M'kalasi ya mbiri ya Chisilamu timaphunzitsa za msamuko wa mu 622, pomwe Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) ndi omutsatira adachoka ku Makka kupita ku Madina. Ophunzira amakonda kukumbukira kuolowa manja kwa Sa'd bin Rabi, yemwe adafuna kugawana chuma chake pakati ndi mlendo wake Abdurrahman bin Auf. Chomwe ambiri amachiiwala pamayeso ndi yankho la mlendoyo. Adathokoza, sadatenge chumacho, adangopempha kuti amulozere kumsika. Adamulozera, ndipo palibe adamutsekera khomo kapena kumugula motchipa chifukwa adali wobwera. Anthu ambiri a ku Dzaleka omwe amafika m'makomo mwathu ali ngati iyeyo. Sabwera kudzapempha sadaka, amabwera ndi khasu.

Kwa inu akuluakulu a komiti tili ndi pempho limodzi. Mvula ikatha tikhala tikufuna oumba njerwa ndi amisiri a ntchito za pasukulu pano, ndipo ena odzafunsira adzachokera kumsasa. Mtengo wa njerwa chikwi ndi wa tsiku la mmisiri ugwirizanidwe pamsonkhano wanu, ulembedwe m'kaundula ndi kumatidwa pakhomo la ofesi munthu aliyense asanafunsidwe kwawo. Tsiku lolipira lilembedwenso pomwepo. Ophunzira a Fomu 3 avomera kale kulemba chikalatacho m'Chichewa ndi m'Chiswahili, kuti wodzachiwerenga asachite kufunsa wina kuti akulandira zingati.