Muphwa Wanga, Fizi ndi Usilikali

Mwa mwambo wathu ife Achewa, mwana akalakwa, akadwala kapena akafuna kukwatira, anthu sayamba afunsa za atate ake ayi, amafunsa kuti, "Kodi atsibweni ake ali kuti?" Ine ndine mwini mbumba wa ana anayi a mlongo wanga, amene mwamuna wake anatisiya ana aja akali ang'onoang'ono. Chotero pamene dzina la mwana wake wachisamba linatuluka mu 2024 pakati pa osankhidwa kupita ku University of Malawi ku Zomba, nthungululu zinamveka kunyumba kwa mlongo wanga, koma nkhawa inadzagona kunyumba kwanga.

Ndakhala ndikugwira choko kuyambira 1994, chaka chimene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, boma nkutilemba ntchito ambirife tisanaone ndi khomo la koleji lomwe. Pa zaka zonsezi ndaphunzira kutambasula ndalama yochepa kuti ifike kumapeto a mwezi. Koma usiku umenewo masamu anandikana. Mu 2023 fizi ya ku Zomba inakwera kuchoka pa K350,000 kufika pa K650,000 pa chaka, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tsono fizi ndi mutu chabe wa njoka. Kumbuyo kwake kuli lendi ya kachipinda ku Chikanda, chakudya cha tsiku ndi tsiku, mapepala, kompyuta, ndi ulendo wa Dedza-Zomba kangapo pa chaka. Chuma cha mlongo wanga ndi dimba limodzi la kachewere, mbuzi zitatu ndi manja ake awiri. M'masiku a Kamuzu, mwana akasankhidwa ku Chancellor College boma linkasenza pafupifupi katundu yense, ndipo makolo ankangomugulira sutikesi ndi bulangete. Masiku amenewo anapita.

Patapita mlungu umodzi mnyamata uja anabwera madzulo, kukuzizira monga mudziwa kuzizira kwa kuno. Anakhala pansi pafupi ndi khomo, nati, "Amalume, musavutike nane. Ndalingalira zolowa usilikali. Ndikakalowa, iwo omwewo adzanditumiza ku sukulu, malipiro ndikulandira, ndipo amayi adzapumako."

Ndinamufunsa kumene anamva zimenezi, ndipo anandionetsa pa foni yake. Zonse zinali nkhani za ku America. Kumeneko alipo makoleji amene fizi, chakudya ndi malo ogona zimapitirira madola 80,000 pa chaka, kotero kuti ngakhale mabanja opeza bwino amagwira mutu. Achinyamata ena tsono amalowa m'ndondomeko yotchedwa ROTC: gulu la nkhondo limawalipirira fizi pa koleji wamba, iwo nkumachita maphunziro a usilikali pambali, ndipo akalandira digiri amakatumikira ngati maofesala kwa zaka zimene anasainira. Ena amapita ku West Point, sukulu ya asilikali imene inakhazikitsidwa mu 1802, kumene salipira kanthu koma amalonjeza zaka 5 za utumiki. Palinso lamulo la GI Bill la mu 1944, limene linathandiza asilikali pafupifupi 8 miliyoni obwera ku Nkhondo Yachiwiri kupeza maphunziro ndi luso la ntchito. Zonsezi nzoona. Chimene foni sinamuuze momveka nchakuti thandizo la ROTC ndi la nzika za America, ndipo ana ochepa a mayiko ena amene amalowa ku West Point amachita kutumizidwa ndi maboma a kwawo.

Apa, owerenga okondedwa, ndiyenera kuulula chinthu chimene chimandichititsa manyazi. Pamene mwanayo ankalankhula, mtima wanga unapepuka. Pakamwa ndinati, "Tiyambe taganiza bwino," koma m'kati ndinali nditayamba kale kuwerenga malata amene ndikanagula ndi ndalama ija, pakuti denga la nyumba yanga lakhala likudontha kwa zaka zitatu. Sindinaganize za mfuti. Ndinaganiza za malata.

Mu mpingo mwathu muli mkulu mnzanga amene anapuma usilikali ali sajeni. Lamulungu lotsatira, titatuluka m'kachisi, ndinamukokera pansi pa mtengo ndi kumufotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Iye anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Aphunzitsi, kodi mwanayo akufuna usilikali, kapena akufuna fizi?" Ndinasowa choyankha, chifukwa funso limeneli sindinamufunse mwanayo.

Tsono sajeni uja anandimasulira mmene zinthu zimayendera kwathu kuno, ndipo ndikuzilemba kuti makolo ena amve. Kuno sayamba akulipirira sukulu kuti udzatumikire pambuyo; umayamba wakhala msilikali. Gulu la Malawi Defence Force likalengeza kuti likulemba anthu, achinyamata amafika unyinji wosaneneka, ndipo ambiri amabwerera pa mpikisano wothamanga kapena pa kuyezedwa m'thupi. Opambana amapita ku MAFCO ku Salima, kumene kutentha kwake mwana wa ku Dedza sanakulaweko, nakhala miyezi yambiri akuumbidwa. Mwayi wa maphunziro ulipodi. Alipo asilikali amene anaphunzira unamwino, udokotala, uinjiniya ndi malamulo ali m'yunifomu. Ena amachita maphunziro a chitetezo ku Mzuzu University, ndipo owerengeka amatumizidwa kunja, monga ku Sandhurst ku Britain. Koma wosankha ndi akuluakulu, molingana ndi zimene gulu likusowa, osati zimene mwini wake ankalota ali Fomu 4. Munthu akhoza kudikira zaka zambiri osaitanidwa. Ndipo podikirapo, akati nyamuka, amanyamuka.

"Amanyamuka kupita kuti?" Funso limeneli sindinafunikire kulifunsa. Ife amene tinakulira m'malire muno tikukumbuka zaka za m'ma 1980, pamene abale athu a ku Mozambique anadzaza midzi ya Dedza ndi Ntcheu pothawa nkhondo, ndipo usiku wina tinkamva kulira kwa mfuti tsidya la msewu. Nthawi yomweyo asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala, ndipo si onse amene anabwerera. Kuyambira 2013 asilikali a Malawi, pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa, anatumizidwa kum'mawa kwa Congo pansi pa United Nations. Mu Novembala 2018, asanu ndi mmodzi a iwo anaphedwa kufupi ndi Beni. Ndipo miyezi yochepa chichezereni ndi sajeni uja, mu Januwale 2025, ena atatu anafa pa nkhondo yolimbana ndi gulu la M23, mpaka Pulezidenti Chakwera analamula mwezi wotsatira kuti asilikali athu akonzeke kubwerera. Aliyense wa amenewa anali muphwa wa munthu wina.

Musandimve molakwa. Usilikali ndi ntchito yaulemu, ndipo amene anaona asilikali athu akufukula anthu m'matope pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sangainyoze. Agogo anga aamuna anamenya nkhondo ku Burma m'gulu la King's African Rifles, ndipo mendulo zawo tikuzisunga mpaka lero. Mwana amene mtima wake uli pa ntchito imeneyi, mlekeni apite ndi madalitso anu. Chimene ndikukana ndi kutenga yunifomu ngati chiphaso cholowera m'kalasi. Walira mvula walira matope. Sukulu imene gulu la nkhondo lipereka, kaya ku America kaya kuno, si mphatso ayi. Ndi ngongole, ndipo chikole chake ndi thupi la mwanayo. Ine ndinatsala pang'ono kupereka chikole chimene sichinali changa.

Madzulo ake ndinapita kwa mlongo wanga, ndipo tinakhala atatu m'khitchini pafupi ndi moto. Ndinamufunsa mnyamata uja funso la sajeni. Anakhala chete, akutokosa phulusa ndi kamtengo, kenaka anati, "Amalume, ine ndimafuna masamu. Koma ndinakuonani usiku uja mukuwerengera pa kope, nyali ili chiyakire." Mayi ake anayamba kulira. Anati, "Achimwene, kachewere ndilima kawiri pa chaka, koma mwana ndinabala mmodzi wotere." Sindinawauze za malata. Ndikuwauza lero m'magazini muno, pakuti mlongo wanga amawerenga.

Njira imene tinatsata ndi ya ngongole ya boma. Mu 2015 kunakhazikitsidwa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene limakongoza ophunzira osowa a m'sukulu za ukachenjede za boma ndi zina zovomerezeka zimene si za boma. Limathandiza pa fizi ndi pa zofunika zina za wophunzira, ndipo mwini wake amadzabweza akamaliza sukulu. Opempha ndi ambiri kuposa ndalama zimene zilipo, motero si onse amalandira, ndiponso wolandira sapeza zonse zimene akusowa. Masiku ano pempho limadzera pa intaneti, chinthu chimene chinatiyendetsa kawiri kupita ku Dedza boma, popeza kumudzi kwathu netiweki imapezeka pa chulu chimodzi chokha. Langizo langa kwa makolo ndi lakuti chitupa cha unzika cha mwana, ndi umboni wa imfa ya kholo ngati ndi wamasiye, muzikonzeretu mayeso a Fomu 4 asanatuluke. Ife tinataya masiku ambiri kufunafuna pepala limene likanakhala m'sutikesi kalekale.

Ndinenepo mawu amodzi kwa inu amene munaphunzira ndi ngongole imeneyi ndipo tsopano muli pa ntchito. Ndalama imene simunabweze si ya boma lopanda nkhope. Ndi fizi ya mwana wa mayi wina wolima kachewere. Ena mwa inu timakhala nanu pa benchi imodzi Lamulungu.

Muphwa wanga anali ndi mwayi: ngongole ya fizi inatuluka. Zotsalazo tinagawana. Mbuzi ziwiri zinapita ku msika, ine ndinakongola ku bungwe lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama la aphunzitsi, ndipo amayi a Chigwirizano anasonkha ufa, nyemba ndi sopo osapemphedwa ndi munthu. Ngongole ziwirizi, yake ndi yanga, ndi zolemera ndithu, ndipo yanga ndidzaimaliza nditatsala pang'ono kupuma ntchito. Denga likudonthabe, tinasuntha bedi.

Tsiku lomuperekeza ku Zomba, titapeza kachipinda ndi kuika katundu, ndinamutenga kukaona chipilala cha King's African Rifles pafupi ndi Cobbe Barracks, chimene chinamangidwa pokumbukira asilikali a Nkhondo Yoyamba ya 1914 mpaka 1918. Anayenda mochizungulira akuwerenga maina pang'onopang'ono. Pa geti la baraki panali msilikali wachinyamata, msinkhu wake womwewo, nsapato zikuwala. Mnyamata wanga anamuyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Amalume, ndamva kuti amalembanso anthu amene ali kale ndi digiri. Mwina ndikamaliza ndidzayesabe."

Ndinamuyankha kuti akadzafika pamenepo adzabwere tidzakambirane, ndipo sajeni adzakhalepo. Kenaka ndinamupatsa ndalama ya makala, nkuthamangira basi ya ku Lilongwe kuti ndikatsike pa Dedza kusanade.